Paul Revere, Mmisiri wa Mbale za Siliva

Mumzinda wa Boston, m'dziko la America, muli nyumba yaikulu yosungiramo zinthu zakale yotchedwa Museum of Fine Arts. M'nyumba imeneyi, m'kati mwa bokosi la galasi, muli mbale imodzi yolowa, ya siliva, yopanda zigwiriro ngakhale chivundikiro. Kukamwa kwake ndi masentimita 28, msinkhu wake masentimita 14. Kunena zoona, siiposa kwenikweni bakuli limene amayi amapakuliramo ndiwo kukabwera alendo. Komabe anthu a ku America amaiwerengera pakati pa chuma chachikulu cha mbiri ya dziko lawo, ndipo amaitcha Mbale ya Ufulu. Inasulidwa m'chaka cha 1768 ndi mmisiri wina dzina lake Paul Revere. Okondedwa awerengi, ndi za munthu ameneyu zimene ndafuna kuti tikambirane.

Ine ndine mwana wa ku Mchinji, ndipo kwathu amisiri osula alipo ambiri. Mukafika pa Boma kapena pa Kamwendo tsiku la msika, mudzamva kulira kwa nyundo zawo musanawaone. Amapanga ndowa, mbaula, mapoto ndi makheni othiririra kudimba. Koma sindinaonepo ngakhale mmodzi akudinda dzina lake kunsi kwa chimene wapanga. Ndowa ikabooka timaitaya kudzala, ndipo mwini luso uja amaiwalika nayo pamodzi. N'chifukwa chake nditawerenga kuti kuli masupuni, makapu ndi matiyipoti a zaka zoposa 200 amene anthu amalipira ndalama kuti akangowaona, kaamba ka dzina la mmisiri limene linadindidwa pa izo, ndinafuna kudziwa kuti mmisiriyo anali wotani.

Bambo wake wa Paul anali wothawa kwawo. Dzina lake linali Apollos Rivoire ndipo anabadwira ku France m'chaka cha 1702, m'banja la Aprotesitanti otchedwa Huguenot. M'chaka cha 1685 Mfumu Louis XIV inali itathetsa lamulo limene linkawalola anthu amenewa kupembedza mwa njira yawo, choncho zikwi zambiri anabalalikira kumaiko ena. Kwa ife Akatolika iyi si nkhani yotinyaditsa, koma ndi mmene zinayendera. Apollos anafika ku Boston ali mnyamata wa zaka 13, wopanda bambo kapena mayi pambali pake. Makolo athu amene analandira anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique m'zaka za m'ma 1980 akudziwa bwino mmene mwana wotere amaonekera. Anamupereka kwa mmisiri wotchuka wa siliva, John Coney, kuti aphunzire ntchito. Atakula anasintha dzina lake kukhala Paul Revere, poti lachifalansa lija linkawapinda lilime Angerezi. Anakwatira Deborah Hitchbourn, mwana wa m'banja la komweko, ndipo kumapeto kwa chaka cha 1734 kunabadwa mwana wamwamuna amene anamupatsa dzina la bambo wake.

Paul wamng'ono sanapite patali ndi sukulu. Anaphunzira kuwerenga, kulemba ndi masamu, ndipo atafika zaka 13 analowa m'nyumba yosulira ya bambo wake. Ali ndi zaka ngati zathuzi, iye ndi anzake angapo anagwirizana zomaliza mabelu a tchalitchi cha Christ Church. Musaiwale nsanja ya tchalitchi chimenechi, chifukwa tikumana nayonso. Bambo wake anamwalira m'chaka cha 1754, Paul ali ndi zaka 19, namusiyira mayi ndi azing'ono ake kuti awadyetse. M'chaka cha 1756 anapita kunkhondo yolimbana ndi Afalansa kwa miyezi ingapo, ndipo atabwerako anakhazikika pa ntchito ya siliva. Chaka chotsatira anakwatira Sarah Orne.

Tsono ntchito yakeyo inali yotani? Siliva weniweni ndi wofewa kwambiri, moti supuni yake ingapindike m'mbale ya nsima. Choncho amisiri amamusakaniza ndi mkuwa pang'ono: pa magawo 1,000, magawo 925 ndi siliva, otsalawo mkuwa. Wofuna chiwiya ankabwera ndi ndalama zachitsulo kapena ziwiya zakale zophwanyika. Mmisiri ankaziyeza pa sikelo mwini wake akuona, n'kuzisungunula m'ng'anjo ya makala pokoleza ndi mvukuto, monga ankachitira makolo athu Achewa posungunula chitsulo cha makasu. Akatero ankapeza chibuma cha siliva chimene ankachimenya ndi nyundo mpaka chisanduke chimbale chopyapyala. Siliva akamenyedwa kwambiri amauma ndipo angang'ambike, motero mmisiri ankamubwezera pamoto kawirikawiri kuti afewenso. Kuchokera pa chimbale chafulati chija ankamenya mozungulira, kuyambira pakati kupita kumphepete, mzere ndi mzere, mpaka mbali zake zitadzuka n'kukhala mbale yolowa kapena mimba ya tiyipoti. Kenaka ankatenga kanyundo kosalala n'kufafaniza mabala onse a nyundo yoyamba ija. Chiwiya chimodzi chachikulu chinkatha masabata. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pomalizira pake ndi pamene Revere ankaposa anzake. Amisiri ambiri ankatumiza ziwiya zawo kwa munthu wina kuti akazokote, koma iye ankazokota yekha. Ankaika chiwiya pa kapilo kachikopa kodzaza mchenga, n'kumachitembenuza ndi dzanja limodzi uku dzanja linalo likukankha kachitsulo kosongoka kogobera zilembo, maluwa ndi zizindikiro za mabanja. Pa pepala ukalakwitsa umafufuta, koma pa siliva mzere ukapotoka wapotoka, ntchito ya masabata yaonongeka. Pali chithunzi chimene John Singleton Copley anamujambula m'chaka cha 1768, chimenenso chili ku Museum of Fine Arts. Anthu olemera a nthawiyo ankajambulitsa atavala majekete ndi tsitsi loikirira. Revere ali m'malaya ogwirira ntchito, dzanja lina lagwira chibwano, lina lanyamula tiyipoti yosazokota, ndipo tizitsulo take tili patebulo. Chithunzi chimenechi ndimachikonda chifukwa munthuyo sakuchita manyazi ndi ntchito ya manja ake.

Mwina wina afunsa kuti bwanji munthu ankasungunula ndalama zabwinobwino n'kupangitsa supuni. Yankho lake si kunyada kokha. Ku Boston kunalibe banki kufikira chaka cha 1784. Ndalama zachitsulo zikabedwa palibe amene akanazizindikira, pakuti zonse n'zofanana. Koma supuni yokhala ndi zilembo za dzina la mwini wake, ndi chidindo cha mmisiri kunsi kwake, wakuba sakanaigulitsa mosavuta. Mavuto akagwa, banja linkatha kuigulitsa kapena kuisungunulanso. Tinganene kuti ziwiya za siliva zinali ng'ombe zawo: chuma chooneka ndi maso, chosiyira ana, chothawirako pa njala. Ndipo zilembo zozokotazo zinali ngati chizindikiro chimene mwini ng'ombe amadula pakhutu. Ngakhale ife pano timakanda dzina kunsi kwa kapu ndi msomali, ndipo chifukwa chake tonse tikuchidziwa.

Pali mbali ina imene siioneka pa kunyezimira kwa ziwiyazi. Ndalama zambiri zimene zinkasungunulidwa ku Boston zinali za ku Spain, ndipo siliva wake ankakumbidwa ku Mexico ndi ku phiri la Potosí, m'dziko limene lero ndi Bolivia. Ku Potosí eni nthaka ankakakamizidwa kulowa m'migodi mosinthana, ndipo ambiri anafera momwemo. Shuga amene ankaikidwa m'timbale tokongola tija ankachokera kuminda ya nzimbe ya ku zilumba za Caribbean, kumene ankalima ndi akapolo ochokera kuno ku Africa. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Revere sanakumbe mgodi ndipo sanalime nzimbe, koma malonda ake ankadalira anthu olemera amene chuma chawo china chinkachokera kumeneko. Ndikaona chithunzi cha kambale ka shuga kotero ndimakumbukira kuti manja amene anakagwirira ntchito anali ambiri, koma dzina lodindidwapo ndi limodzi.

M'zaka za m'ma 1760 malonda anavuta ku Boston, ndipo banja la Revere linali likukula. Iye sanakhale manja lende. Anayamba kuzokota zithunzi pa mkuwa zosindikizira m'mabuku ndi m'manyuzipepala, ndipo anaphunziranso kutsuka mano ndi kuika mano oikirira, amene ankawamangirira ndi kawaya. Nthawi yomweyo mkangano pakati pa anthu a ku America ndi boma la ku London unali ukukula. Kumbukirani kuti dera limenelo linali pansi pa Angerezi, monga mmene kwathu kunalili pamene Mchinji inkatchedwa Fort Manning ndipo Chipata inkatchedwa Fort Jameson. M'chaka cha 1767 nyumba ya malamulo ya ku London inaika msonkho pa tiyi, magalasi, mapepala, utoto ndi mtovu. Anthu a ku America analibe phungu ngakhale mmodzi m'nyumba imeneyo, ndipo apa ndi pamene panagona dandaulo lawo.

Mu Febuluwale 1768 aphungu a chigawo cha Massachusetts analemba kalata, imene anaikonza Samuel Adams, n'kuitumiza ku zigawo zina kuti onse akane msonkhowo ndi mawu amodzi. Akuluakulu a ku London atamva analamula kuti aphunguwo abweze kalatayo, apo ayi nyumba yawo itsekedwa. Pa 30 Juni 1768 anaponya voti. Okwana 17 anavomera kubweza, koma 92 anakana. Bwanamkubwa Francis Bernard anaitsekadi nyumbayo, ndipo pofika Okutobala asilikali a mfumu anali atatera ku Boston. Nkhani ya kalata yokwiyitsa boma si yachilendo kwa ife Amalawi. Makolo athu amatisimbira za kalata ya Maepiskopi imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, ndi mmene ena anaopsezedwera kuti aibweze.

Amuna 15 a gulu lotchedwa Sons of Liberty, kutanthauza ana a ufulu, anapita kwa Revere, amenenso anali wa gulu lomwelo, kuti awasulire mbale yolemekeza aphungu 92 aja. Inali mbale yomweramo chakumwa cha mowa wa nzimbe wosakaniza ndi madzi, shuga ndi mandimu, yoti anthu azimwera pamodzi monga Angoni a kwathu amalandizirana chipanda. Mbali imodzi Revere anazokota mawu otamanda aphunguwo pamodzi ndi tsiku la voti. Mbali inayo anaikapo nambala 45, kukumbukira nyuzipepala ya nambala 45 ya John Wilkes wa ku London, amene anamangidwa chifukwa chodzudzula mawu a mfumu. Ndipo kuzungulira mlomo wa mbaleyo anazokota maina onse 15 a eni ake.

Apa ndi pamene ndimaima nthawi zonse ndikamawerenga mbiriyi. Kalata ingathe kutenthedwa apolisi akamagogoda pakhomo. Mawu a pakamwa munthu angathe kuwakana. Koma dzina logobedwa pa siliva ndi umboni wosafufutika, ndipo anthuwa sankadziwa kuti mkanganowo udzatha bwanji. Mfumu ikanapambana, mbale imeneyi ikanakhala mndandanda wa anthu oyenera kuzengedwa mlandu woukira. Revere nayenso anadindapo dzina lake monga ankachitira pa ntchito zake zina.

Sindikufuna kumusandutsa woyera mtima. Pa 5 Malichi 1770 asilikali a mfumu anawombera gulu la anthu mumsewu wa ku Boston, ndipo anthu asanu anafa. Mmodzi mwa iwo anali Crispus Attucks, munthu wa magazi a ku Africa. Patangopita masabata atatu Revere anali akugulitsa chithunzi cha zochitikazo. Chithunzicho chinaonetsa asilikali atandanda bwinobwino akuwombera anthu osalakwa mkulu wawo atalamula, pamene zoona zake panali chipwirikiti ndipo anthu ankawagenda. Choipa china n'chakuti anatengera chojambula cha mnyamata wina, Henry Pelham, n'kuthamangira kusindikiza mwini wake asanatulutse chake. Pelham anamulembera kalata yowawa. Kwa ine uku kunali kukolola pamene sanalime, ndipo ufulu umene ankaumenyera sukuchotsa mlanduwo.

M'chaka cha 1773 mkazi wake Sarah anamwalira atabereka ana asanu ndi atatu, ndipo miyezi isanu itapita Revere anakwatira Rachel Walker, amene anamuberekeranso ana asanu ndi atatu. Chaka chomwecho analandira ntchito yaikulu kuposa zonse: ziwiya 45 zimene Dokotala William Paine anagulira mkwatibwi wake, Lois Orne. Zambiri mwa izo lero zili ku Worcester Art Museum. Chodabwitsa n'chakuti Paine anadzakhala wa mbali ya mfumu. Revere pa ndale anali wouma mutu, koma pa sikelo ankalandira aliyense. Mu Disembala chaka chimenecho anthu a ku Boston anataya m'nyanja mabokosi 342 a tiyi, ndipo amene anakwera hatchi kukanena nkhaniyo ku New York anali mmisiri wa matiyipoti yemweyu.

Usiku wa pa 18 Epulo 1775 Dokotala Joseph Warren anamva kuti asilikali a mfumu akunyamuka kupita ku Concord, kumene anthu anabisa mfuti ndi wonga. Kuchokera ku Boston kukafika kumeneko ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 30, ngati kuchoka pa Boma la Mchinji kukafika ku Chipata. Warren anatuma anthu awiri m'njira zosiyana, William Dawes ndi Revere. Revere anali atapangana kale ndi anzake kuti apachike nyali pa nsanja ya Christ Church, ija ankalizamo mabelu ali mnyamata, kuti a kutsidya adziwe njira imene asilikali adzere. Usikuwo nyali zinali ziwiri, kusonyeza kuti adzera pamadzi. Anzake anamuwolotsa mtsinje wa Charles pa bwato mwakachetechete, pafupi ndi sitima yankhondo, ndipo kutsidya anabwereka hatchi. Anadzutsa anthu m'midzi ya m'njira, nawonso anatuma ena, mpaka uthenga unafalikira ngati moto wa lupsa. Cha pakati pa usiku anafika ku Lexington n'kuchenjeza Samuel Adams ndi John Hancock.

Koma ku Concord sanafike. Iye, Dawes ndi dokotala wina wachinyamata, Samuel Prescott, amene anakumana naye m'njira, anagwera m'manja mwa asilikali olondera. Prescott anadumphitsa hatchi yake pa mpanda wa miyala n'kukafika ndi uthenga. Dawes anathawa. Revere anagwidwa, anamuloza mfuti kumutu, anamulanda hatchi yobwereka ija, ndipo anabwerera ku Lexington wapansi. M'mawa mwake, pamene mfuti zoyamba za nkhondo ya ufulu wa America zinkalira, iye anali akuthandiza kunyamula bokosi la makalata a Hancock kuti akalibise.

Joseph Warren anaphedwa pa nkhondo ya Bunker Hill mu Juni 1775 ndipo anakwiriridwa m'dzenje lopanda chizindikiro. Patapita miyezi khumi abale ake anafukula mtembo umene sunkadziwikanso nkhope. Amene anauzindikira anali Revere, poona dzino loikirira ndi kawaya kamene iye mwini anamangira. Mwana wake wamwamuna wobadwa m'chaka cha 1777 anamutcha Joseph Warren Revere.

Pa usilikali zinthu sizinamuyendere. M'chaka cha 1779 anatsogolera a mizinga pa ulendo wa ku Penobscot, umene unatha mwamanyazi, sitima zawo zonse zitatenthedwa kapena kulandidwa. Anzake ena anamuneneza kuti sanamvere malamulo ndiponso anachita mantha, ndipo anamuchotsa pa udindo. Iye anaumirira kwa zaka zoposa ziwiri kuti bwalo la asilikali limuzenge mlandu, mpaka m'chaka cha 1782 bwalolo linamupeza wosalakwa.

Nkhondo itatha anabwerera ku siliva. Tsopano anagula makina opsinjira siliva kuti akhale wopyapyala, ndipo ziwiya zake zinayamba kutuluka zambiri ndi zopepuka. Ziwiya za tiyi zimene anapangira John ndi Mehitable Templeman m'chaka cha 1792 zili ku Minneapolis Institute of Art. Mabuku ake a malonda, mmene ankalembamo dzina la wogula, kulemera kwa chiwiya ndi mtengo wake, akusungidwa ku Massachusetts Historical Society, ndipo ndi amene amathandiza akatswiri lero kudziwa mwini woyamba wa supuni kapena kapu. Pa msinkhu umene ena amakhala pakhonde kuwothera dzuwa, iye anayamba ntchito zatsopano. M'chaka cha 1792 anaumba belu lake loyamba, limene anthu anadandaula kuti silinkalira mokoma, koma sanaleke. M'chaka cha 1801, ali ndi zaka 66, anatsegula fakitale yopsinja mkuwa ku Canton. Mkuwa wake unafolera denga lozungulira la nyumba ya boma ya Massachusetts mu 1802, ndipo unakuta kunsi kwa sitima yankhondo yotchedwa Constitution mu 1803. Belu lalikulu limene iye ndi mwana wake anaumbira tchalitchi cha King's Chapel m'chaka cha 1816 likulirabe.

Anamwalira pa 10 Meyi 1818 ali ndi zaka 83, ndipo anaikidwa m'manda a Granary ku Boston. Mwa ana ake 16, asanu okha ndi amene anatsala moyo kudzamulira. Anthu a nthawi yake ankamudziwa ngati mmisiri ndi munthu wa malonda. Kutchuka kwa ulendo wa usiku uja kunabwera m'chaka cha 1861, pamene Henry Wadsworth Longfellow anasindikiza ndakatulo yonena za iye. Ndakatuloyo inamuyendetsa yekhayekha mpaka ku Concord, n'kusiya Dawes ndi Prescott kunja, ndipo ana asukulu a ku America anailoweza kwa mibadwo ingapo. Mutu umodzi susenza denga, koma wolemba ndakatulo anafuna mutu umodzi. Kuyambira pamenepo chilichonse chokhala ndi chidindo cha Revere chinakwera mtengo, ndipo mabanja anayamba kutulutsa masupuni a agogo awo m'mabokosi. Nyumba imene anagula m'chaka cha 1770 ku North Square inatsegulidwa kuti anthu azikaiona m'chaka cha 1908.

Nanga Mbale ya Ufulu ija? Mmodzi mwa amuna 15 aja anagula magawo a anzake, ndipo mbaleyo inakhala m'manja mwa anthu wamba kwa zaka pafupifupi 180, mpaka inachoka ku Boston. Pambuyo pake inaikidwa pamalonda, ndipo mtengo wake unali waukulu. Anthu a mumzindawo anachita msonkhamsonkha kuti ibwerere kwawo. Pa chikalata chofotokoza mmene mbaleyo inafikira ku Museum of Fine Arts, pakati pa amene anapereka ndalama, patchulidwa ana asukulu a ku Boston.